Kodi Victor Wembanyama adzafikadi pomwe anthu akumuyembekezera?

Chiyambire pomwe timu ya San Antonio Spurs idamusankha kukhala woyamba mwa osewera atsopano olowa mu ligi ya basketball ya ku America ya NBA m'chaka cha 2023, Victor Wembanyama wa ku France wakhala akukambidwa ngati munthu amene tsogolo lake lidalembedwa kale. Ambiri mwa ife kuno timamuonera pa tizidutswa ta makanema pafoni, chifukwa masewero a ku America amachitika ife tili mtulo, ndipo tizidutswa timeneti timangosonyeza zokoma zokhazokha: mnyamata wotalika mamita oposa 2.2 akuthamanga ndi mpira ngati munthu wamfupi, kapena akuponyera patali mopanda mantha. Maganizo anga ndi akuti mnyamatayu adzafika patali ndithu, koma zimene zimandipatsa chikhulupiriro chimenechi si zimene zimaoneka m'makanemawo, ndipo chimene chingamulepheretse sichionekanso mmenemo.

Za luso palibe chokangana. M'sizoni yake yoyamba adasewera masewero 71, ndipo pa sewero lililonse ankapeza mapointi pafupifupi 21, kuwakha mipira yobwerera yoposa 10, komanso kutchinga mipira ya adani kuposa wina aliyense mu ligi yonse. Onse oponya voti adagwirizana kuti iyeyo ndiye adaposa anzake atsopano m'chaka chimenecho. Komabe luso pa lokha silinatsimikizirepo kanthu m'masewerawa. Greg Oden adasankhidwa woyamba mu 2007, patsogolo pa Kevin Durant, amene adadzakhala katswiri wamkulu, koma mawondo adamuvuta moti adangosewera masewero 105 basi mu NBA. Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, amene ambiri m'chigawo chathu chino tidamunyadira atasankhidwa wachiwiri mu 2009, sadakhazikike konse. Pomwe Giannis Antetokounmpo, amene adasankhidwa pa nambala 15 mu 2013 ndipo ankalephera kukwanitsa mapointi 7 pa sewero m'chaka chake choyamba, adadzakhala katswiri woposa onse mu ligi kawiri motsatizana natenganso chikho mu 2021. Chimanga chobiriwira bwino mu Januwale sichinalowe m'nkhokwe.

Chimene ine ndimayang'ana kwa wosewera wachinyamata ndi ichi: kodi chimene ankalephera chaka chatha akuchilepherabe? Apa mpamene Wembanyama amandikhutiritsa. M'chaka choyamba ankataya mipira kwambiri chifukwa chofuna kudutsa pakati pa anthu atatu ndi mpira, koma m'chaka chachiwiri kutayako kudachepa ngakhale ankakhala m'bwalo nthawi yaitali kuposa kale. Mipira yoponyera patali, ya mapointi atatu, adaichulukitsa, ndipo gawo la imene inkalowa lidakwera kuchoka pa 32 kufika pa 35 pa 100 iliyonse. Kusintha kotereku sikuchititsa anthu kukuwa m'bwalo, koma ndi umboni wakuti munthuyo amamva zimene aphunzitsi akumuuza ndipo amakazigwirira ntchito anthu asakumuona.

Chinanso chimene chimafuna kuti munthu aonere sewero lonse ndi mmene amatchingira. Wosewera wa timu ina amadutsa munthu wake bwinobwino, nkulunjika kugolo, kenaka akadzutsa maso nkuona Wembanyama ataima pansi pa mkombero manja ali m'mwamba, amabwerera yekha nkupatsira mnzake amene ali kunja. Mpira umenewo sunatchingidwe, choncho sulembedwa paliponse, koma timu yonse yasintha kaseweredwe chifukwa cha munthu mmodzi. Achinyamata ambiri aluso amakonda kugoletsa nkumazemba ntchito yotchinga, popeza ndi yotopetsa ndipo siibweretsa kutchuka msanga. Iyeyu adalowa m'gulu la otchinga asanu opambana mu ligi m'chaka chake choyamba, zomwe wosewera watsopano adali asanachitepo, ndipo pa mphoto ya wotchinga woposa onse adangopambanidwa ndi mnzake wa ku France, Rudy Gobert. Amene adamuona akugwetsa misozi ku Paris mu 2024, France itagonja kwa United States 98 kwa 87 m'ndime yomaliza ya Olympics iye atagoletsa mapointi 26, sangakayike kuti kugonja kumamupweteka kwenikweni.

Nkhawa yanga ili pa thupi, ndipo apa ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi pomwe anthu omukonda sakonda kuyang'anapo. Mbiri ya osewera ataliatali chonchi ndi yomvetsa chisoni. Ralph Sampson, amene adasankhidwa woyamba mu 1983 ali ndi msinkhu wofanana ndi wake, adayamba bwino kwambiri mpaka mawondo adamugwetsa. Yao Ming adasiya kusewera mu 2011 ali ndi zaka 30 zokha chifukwa mafupa a phazi ankangothyoka. Phazi la munthu silidapangidwe kuti lizinyamula thupi lotere podumpha ndi kutera masewero 82 pachaka, kuphatikizapo maulendo a ndege osatha. Wembanyama ndi omuthandiza ake akuidziwa mbiri imeneyi, nchifukwa chake sewero lisanayambe amaoneka ali wosavala nsapato, akukwawa ndi kulimbitsa zala za kumapazi, ndiponso sadathamangire kunenepa monga momwe ena ankamulangizira. Zimenezi ndi zanzeru, ndipo ndimaziwerengera kumbali yake.

Koma vuto limene lidamupeza mu Febuluwale 2025 silidachokere kuphazi. Madokotala adapeza kuti magazi aundana mumtsempha wa paphewa lake lamanja, ndipo sizoni yake idathera pomwepo atasewera masewero 46, iye akupeza mapointi oposa 24 pa sewero. Popeza lamulo la ligi limafuna masewero 65 kuti munthu apikisane nawo pa mphoto zikuluzikulu, mphoto ya wotchinga woposa onse, imene ambiri ankati ndi yake, idamudutsa. Matenda amenewa adathetsa ntchito ya wosewera wina wa NBA, Chris Bosh, pomwe winanso, Brandon Ingram, adachira nkubwerera mwamphamvu chaka chotsatira. Madokotala adamulola Wembanyama kuyambiranso pakati pa chaka chomwecho, ndipo ndidakondwera kwambiri, koma zidandikumbutsa kuti pali zinthu zina zimene khama la munthu silingaziletse.

Chotsala ndi timu imene ali. Spurs ndi timu imene idalera akatswiri akale David Robinson ndi Tim Duncan, ndipo imadziwika ndi kuleza mtima komanso kupumitsa akatswiri ake ngakhale owonera akudandaula. Mphunzitsi Gregg Popovich, amene adakhazikitsa chikhalidwe chimenechi, adadwala mu Novembala 2024 ndipo adasiyira Mitch Johnson udindo wophunzitsa mu 2025. Akuluakulu a timuyi adabweretsa osewera ena, De'Aaron Fox, Stephon Castle ndi Dylan Harper kuti katundu asamangokhala pa munthu mmodzi, zomwe ndi zoyenera. Mayesero enieni amabwera timu ikayamba kupambana, chifukwa pamenepo aliyense, kuyambira mphunzitsi, eni ake timu, mpaka wosewera mwini wake, amafuna kuti katswiri akhale m'bwalo mphindi 40 usiku uliwonse. Ine ndikadzuka m'bandakucha nkupeza kuti Wembanyama amupumitsa pa sewero lachiwiri la masiku awiri otsatizana, sindidzadandaula ngakhale pang'ono, chifukwa ndikufuna kudzamuonera akusewerabe ali ndi zaka 33.