Nkhuyu zodya akulu zikupota ife ana

Ndikulemba izi ndili m'basi, zala zitauma ndi chisanu cha Ottawa kuno ku Canada, ndipo ndikudziwa kuti wina kumudzi afunsa kuti kodi iwe hockey inakulowa liti. Sinandilowe, achimwene. Anandilowetsa. Kuno ukapanda kudziwa kuti Senators, timu ya hockey ya mzinda uno, dzulo yagonja ndi zigoli zingati, kuntchito umadya nkhomaliro wekha ngati wodwala mphere. Ndiye ndinaphunzira kuonera amuna akuluakulu akutsetsereka pa ayezi ndi ndodo zokhota, akulimbirana kachimphira kakuda komwe maso anga mpaka lero samakaona kakamalowa mu golo. Ndimangoona anthu adzuka, nanenso n'kudzuka.

Koma zomwe zachitika ku timu imeneyi kuyambira mu September 2023 ndazimvetsa bwino kuposa eni dziko, chifukwa zandichitikira ine pathupi panga.

Mwini timu wakale, Eugene Melnyk, anamwalira mu March 2022. Timu inaikidwa pamsika, ndipo mu September 2023 Michael Andlauer anaigula pa ndalama pafupifupi madola a ku America 950 miliyoni. Musavutike kuzisintha kukhala makwacha, foni itentha. Anthu a mzinda uno anavina. Timu inali isanalowe mu ma playoff, ndime yomaliza yolimbirana chikho, chiyambire 2017, ndiye aliyense ankati kwacha. Mnzanga wina wa pa shifiti, mzungu woti anabadwira konkuno, anagula jezi yatsopano sabata yomweyo.

Sipanathe miyezi iwiri. Pa 1 November 2023 NHL, ligi ya hockey yomwe timuyi imaseweramo, inalengeza kuti yalanda Senators mwayi wosankha wosewera m'chigawo choyamba cha draft, m'chaka chimodzi mwa 2024, 2025 kapena 2026. Kwa amene simukudziwa, draft ndi pomwe matimu amasankha anyamata achisodzera aluso mosinthana, ndipo timu yofooka chiyembekezo chake chonse chimakhala pamenepo. Kuilanda draft kuli ngati kulanda mlimi mbewu, osati chimanga cha m'nkhokwe.

Mlandu wake? Pepala. Mu 2021 Ottawa inagulitsa wosewera wa ku Russia, Evgenii Dadonov, ku Vegas Golden Knights. Mu kontirakiti yake munali mndandanda wa matimu khumi omwe iye anakana kuti asadzamutumizeko. Uthenga woti mndandandawo ulipo ndipo ukugwira ntchito sunafike bwino ku Vegas. Mu March 2022 a Vegas anamugulitsa ku Anaheim Ducks, osadziwa kuti Anaheim ili pa mndandanda womwewo. Ligi inathetsa malondawo, Vegas inachita manyazi pamaso pa dziko lonse, ndipo kafukufuku anayamba. Kafukufuku wa pepala limodzi anatenga chaka ndi theka. Mlandu suwola, inde, koma uwu anachita kuusunga mu firiji mpaka mwini watsopano atalipira ndalama zake zonse, kenaka n'kuutulutsa kuti bwana, nawu katundu wanu. Andlauer pamaso pa atolankhani tsiku limenelo sanabise mkwiyo, ankadabwa kuti chinachedwetsa nkhaniyi n'chiyani komanso kuti iye akulipiriranji zomwe anazipeza. Tsiku lomwelo Pierre Dorion, amene anali manijala wamkulu wa timu kuyambira 2016, ntchito inatha. Steve Staios anagwirizira mpandowo.

Ndinamvera nkhaniyi m'chipinda chodyera ku nyumba yosungira katundu komwe ndimagwira, nsima ya dzulo ili mu microwave, ndipo ndinaseka mokweza mpaka anzanga ananditembenukira. Ankaganiza kuti ndikuseka timu yawo. Ayi. Ndinkaseka kuti ngakhale munthu wa mabiliyoni amamuchita zomwe anandichita ine.

Chaka chathachi mayi anga aang'ono, amene anandilera, anamwalira. Ndinapita kwa bwana wathu wa nthawi imeneyo, munthu wabwino ndithu, ndinamufotokozera kuti kwathu maliro satha tsiku limodzi ndipo ulendo wokha umadya masiku awiri kupita, awiri kubwera. Anandigwira paphewa, akuti pita, masabata atatu, ndikonza ine. Ine mwana wa kwathu, mawu a munthu wamkulu ndinawatenga ngati chidindo. Sindinapemphe imelo. Sindinasaine fomu. Ndili kumudzi bwana uja anapeza ntchito kwina n'kuchoka, osalemba kalikonse mu kompyuta. Pobwera ndinapeza mayi wina watsopano pampando, kumwetulira mano onse panja, akundipatsa kalata ya chenjezo kuti ndinajomba masiku khumi ndi asanu popanda chilolezo. Ndinamuonetsa tikiti ya ndege, ndinamuonetsa zithunzi za kumanda, zinthu zoti munthu suyenera kuonetsa mlendo. Anati pepani kwambiri, ndikumva chisoni, koma mu sisitimu mulibe. Mashifiti anandidula kwa miyezi iwiri. Lendi sanandidulire.

Kuno munthu akhoza kukupepesa kasanu m'chiganizo chimodzi uku akukumanga chingwe pakhosi. Ndipo mawu akuti sisitimu amawatchula ngati mzimu wa pamtengo, woti palibe anauumba ndipo palibe angaupembedze. Kwathu amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Kuno n'zosemphana: akulu adya, apukuta pakamwa, apita kukayamba ntchito ina ndi kalata yowayamikira, m'mimba mukupota ife otsala.

Mwina mukuti Dorion naye anachotsedwa, ndiye chilungamo chinachitika. Chabwino. Koma chilango cholandidwa draft chija chinagwera ndani? Dorion sichinamugwere. Chinagwera mnzanga wa jezi uja, amene ankakwera ulendo wautali kupita ku Kanata, kunja kwa mzinda komwe kuli bwalo la Canadian Tire Centre, kukalipira tikiti ndi mowa wodula kuti aonere timu ikugonja.

Ndiye pali nkhani ya Shane Pinto, yomwe inatuluka kutangotsala masiku ochepa kuti za Dadonov ziphulike. Mnyamata wa zaka 22, anamuimitsa masewera 41, theka lenileni la sizoni ya masewera 82, pa nkhani yokhudza kubetcha. Ligi yomweyo inanena kuti sinapeze umboni woti anabetcha pa masewera a NHL. Chomwe anachita chenicheni sanatiuze mwatsatanetsatane. Iye anapepesa, nkhani n'kutsekedwa. Sindikuikira kumbuyo juga, ndaona anyamata akumudzi akutha ndi kubetcha mpira pa foni mpaka kugulitsa njinga. Koma tayatsani TV kuno nthawi ya hockey muone. Chiyambire April 2022 pomwe Ontario, chigawo chomwe muli Ottawa, inatsegula msika wa kubetcha pa intaneti, malonda a juga amabwera motsatizana ngati ngumbi mvula itagwa. Pa zikwangwani za m'mbali mwa ayezi, juga. Pakati pa masewera, anthu ovala masuti akukambirana mitengo ya kubetcha. Ligi ikudya ndalama za makampani amenewo ndi manja awiri, kenaka ikukwapula mwana chifukwa wanunkhiza mphika womwe iyo yaika pakati pa nyumba. Gary Bettman wakhala pampando wa ligiyi kuyambira 1993. Ife timanyozedwa kuti atsogoleri a ku Africa sachoka pampando.

Pofika pa 18 December 2023 kochi D.J. Smith nayenso anamuonetsa msana wa njira. M'malo mwake anakatenga Jacques Martin, gogo wa zaka 71 amene anaphunzitsapo timu yomweyi kuyambira 1996 mpaka 2004, n'kumupatsa Daniel Alfredsson, kaputeni wakale wokondedwa, kuti azimuthandiza. Apa ndinakumbuka kwathu, timu ikagonja katatu masapota n'kuyamba kuimba kuti kochi achoke, akuluakulu n'kukatenga mdala wina amene anawinapo chikho kalekale kuti anthu aziziritse mitima. Ndinkaganiza kuti zimenezi n'zathu zokha. Kusiyana kwake n'koti kuno amachita atavala tayi, ndipo kalata yochotsa munthu imayamba ndi kumuthokoza.

Miyezi itatu: mwini watsopano, manijala wachoka, kochi wachoka, wosewera waimitsidwa, draft yalandidwa. Kuntchito kwathu chaka chimodzi mabwana atatu, ndipo aliyense amabwera ndi msonkhano wake wa madonati, kutiuza kuti tsopano ndife banja limodzi. Wachitatuyu ndinamufunsa za kalata yanga ya chenjezo ija. Anatsegula kompyuta, anawerenga, anagwedeza mutu, akuti zimenezi zinachitika iye asanabwere ndiye sangazikhudze. Amene analipo sangakhudze chifukwa anachoka, amene alipo sangakhudze chifukwa kunalibe. Andlauer atakwiya anaitanitsa atolankhani, makamera n'kubwera. Ine ndikakwiya ndimakalowa m'chimbudzi cha kuntchito, kutukwana m'Chichewa pang'onopang'ono, kusamba kumaso, n'kubwerera kukanyamula makatoni.

Pinto anabwerera pa ayezi mu January 2024, masewera ake 41 atakwana, anthu n'kumuombera m'manja. Mwana wanga wamwamuna, amene Chichewa chake chikuthera pa moni, akufuna jezi ya wosewera Brady Tkachuk, nambala 7, ndipo mtengo wake ndi mashifiti anga awiri. Ndamuuza kuti adikire mwezi uthe. Kalata yanga ija akuti ikhala mu fayilo mpaka August. Pano ngakhale bwana andiuze kuti pita ukamwe madzi, ndimamuuza kuti bwana, tanditumizireni pa imelo.