Achimwene anga a Celtics

Dzulo pa depoti wina anandiona nditavala jezi yanga yachikasu ya nambala 24, n'kundifunsa mokweza kuti, "Kodi akulu, a Lakers anuwo akudziwa kuti ku Matawale kuli munthu amene sagona chifukwa cha iwo?" Anthu anaseka. Minibasi inali itadzaza kale ndiye sindinamuyankhe, koma funsolo landitsatira mpaka kunyumba. Ndiyankhe pano.

Sakudziwa, ndipo sadzadziwa. Koma alipo munthu mmodzi amene amadziwa bwinobwino kuti sindinagone. Amakhala ku Chinamwali, ndipo ndi sapota wa Boston Celtics.

Amene simutsatira NBA, ligi ya basketball ya ku America, mwina simudziwa mmene timavutikira kuno. Mu June, gemu ikamayamba 9 koloko usiku ku Boston, kwathu kuno imakhala 3 koloko mbandakucha. Ndipo mafainolo amabwera mu June momwemo, nthawi imene mphepo yotsika m'phiri la Zomba imalowa mpaka m'mafupa. Umadzuka, kudzikulunga bulangete, kutsitsa voliyumu kuti ana asadzuke. Timu yako ikachinya three (kuponya kwa patali kwa mapointi atatu) pamphindi yomaliza sungakuwe, umangoluma chibakera. Wa Bullets kapena wa Manoma akawina, tauni yonse imadziwa, a kabaza akuimba mabelu, anthu akuvina mumsewu. Ife tikawina kunja kuli zii, agalu okha. Ndiye pa ola limenelo ukaona foni yawala, n'kupeza kuti pali wina amenenso ali maso, akuonera mpira womwewo, ngakhale akupempherera kuti iwe ugwe, munthu ameneyo amasanduka m'bale wako.

Achimwene amenewa tinadziwana pa kothi, tikadali anyamata, tikuponya mpira wakutha madontho pa ring'i yopanda neti. Za udani wa matimu athu tinazipeza zilipo kale. Lakers ndi Celtics akumana mu fainolo maulendo 12, ndipo Boston inatenga 9 mwa amenewo. Za Bill Russell wa Celtics ndi mphete zake 11 za ukatswiri, za Magic Johnson wa Lakers ndi Larry Bird wa Celtics mu 1984, 1985 ndi 1987, tinangozimva kwa akuluakulu ndi kuziona pa matepi. Koma zathuzathu, zimene tinaziona ndi maso athu, zinayamba mu 2008.

Chaka chimenecho tinaonera gemu yachisanu ndi chimodzi ya fainolo kunyumba kwa amalume awo, chifukwa ndi okhawo anali ndi dishi. Boston 131, Lakers 92. Kusiyana kwa mapointi 39, mu gemu yotengera chikho. Pofika kwota yachitatu ndinali nditasiya kuyang'ana TV, ndimangoyang'ana makala a pa mbaula. Kutacha anandiperekeza mpaka pamsewu, osanena kanthu, ine n'kumati koma munthuyu ali ndi chisoni. Madzulo ake ndinangoona akubwera kwathu, chipewa chili m'manja, akuyenda pang'onopang'ono ngati wobwera pasiwa. Anakhala pansi, n'kupatsa moni mayi anga, kenako anatembenukira kwa ine: "Achimwene, tamva zovutazi. Mwambo uli liti?" Mayi anadzidzimuka kufunsa kuti wamwalira ndani. Ndinakwiya sabata yathunthu.

Patapita zaka ziwiri, mu 2010, aliyense anali pa World Cup ya ku South Africa, mavuvuzela ali pwepwepwe mpaka mumsika wa Zomba. Ife awiri mitima inali kwina. Gemu yachisanu ndi chiwiri, yomaliza ya fainolo ya Lakers ndi Celtics, ku Los Angeles. Mpira unali woipa, wolimbana ngati ndewu, mipira ikungokana kulowa. Boston inatsogola ndi mapointi 13 mu kwota yachitatu, achimwene anayamba kale kuimba nyimbo chapansipansi. Kobe Bryant, katswiri wathu wa Lakers, mwini jezi ya nambala 24 ija, anaponya ka 24, zinalowa 6 zokha. Koma anatola ma rebound (mipira yobwerera itakana kulowa) 15, Pau Gasol anatola 18, ndipo itatsala pafupifupi mphindi imodzi Ron Artest, munthu amene tonse tinakuwa kuti usaponye, anaponya three n'kulowa. Inatha 83 kwa 79. Ndinalira, misozi yeniyeni. Madzulo ndinabwereka chipewa cha bambo anga, ulendo wa ku Chinamwali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mpaka lero amati akanakhala kuti Kendrick Perkins sanavulale bondo mu gemu yachisanu ndi chimodzi, chikho chinali chawo. Zaka zonsezi sanasinthe mawu, inenso sindinavomere.

Tsono mvetserani chimene chinandichititsa kulemba zonsezi.

Lamulungu pa 26 January 2020, usiku, mauthenga anayamba kulowa pa WhatsApp kuti helikopita yagwa ku Calabasas. Ndinati ndi bodza la pa intaneti. Kenako zinatsimikizika: Kobe, mwana wake Gianna wa zaka 13, ndi anthu ena asanu ndi awiri. Ndinakhala pamphepete pa bedi, foni m'manja, osadziwa kuti ndiuze ndani. Mkazi wanga anandipepesa, koma ndinaona kuti akudabwa kuti bambo wamkulu akulira munthu amene sanakumanepo naye. Sindikumudandaula, sakanamvetsa. Mmawa, ndisanapite kuntchito, ndinamva odi pakhomo. Anali achimwene a ku Chinamwali, nsapato zili matope okhaokha, atakwera kabaza m'nyengo ya mvula ija. Ulendo uno chipewa chinalidi m'manja chifukwa cha maliro. Munthu amene kwa zaka zambiri ankati Kobe ndi wodzikonda, sapatsira anzake mpira, anakhala pakhonde langa maso ali ofiira, n'kunena kuti, "Achimwene, munthu uja ndinkamuopa. Mpira ukakhala m'manja mwake mtima wanga sunkakhala m'malo." Tinamwa tiyi, tinakumbutsana za mapointi 81 amene anachinya pa Toronto mu 2006, aliyense n'kupita kuntchito mochedwa.

Masapota anzanga a Lakers anatumiza zithunzi ndi timitima pa Facebook. Amene anabwera ndi miyendo yake anali mdani.

Ndiye ndikamva anthu akuti kukanganirana matimu a kunja ndi uchitsiru, ndimakana. Ife Amalawi chinthu ichi timachidziwa kale. Msuweni wako amakunyoza pagulu, amakulanda nkhuku, amakutchula mayina oti wina atakutchula mungamenyane, koma tsiku la zovuta ndi amene amayamba kufika. Kunyogodolana kwa masapota kukakhala kwabwino kumakhala chisuweni chomwecho. Umafunika kumudziwa munthu kuti udziwe pomwe pamamuwawa, ndipo umafunika kumukonda kuti udziwe polekezera.

Polekezerapo ndi pamene ena akuphonya masiku ano, ndipo izi zimandipweteka. Mu gulu lathu la pa WhatsApp mkangano wa LeBron James ndi Michael Jordan sutha, ndipo suyenera kutha. Wina abweretsa mphete 6 za Jordan, wina abweretsa 2016 pamene Cleveland inabwerera kuchokera pa 3-1 n'kugonjetsa Golden State imene inawina magemu 73 munyengo imodzi, wina akumbutsa kuti LeBron anadutsa mapointi a Kareem Abdul-Jabbar mu 2023. Mkangano wotero ndimaukonda, umafuna kuti munthu ukhale ukudziwa mpira. Koma tsiku lina mnyamata wina atasowa poyankha anatukwana mnzake za mayi ake. Zinadziwika pambuyo pake kuti anali atabetcha ndalama ya lendi pa gemu ya usiku umenewo. Awiriwo mpaka lero salankhulana, ndipo ankasewera timu imodzi. Kubetcha kwasintha mkwiyo wa masapota. Kale timu ikaluza unkataya tulo ndi ulemu kwa sabata imodzi. Pano ena akutaya ndalama ya ufa, ndiye munthu wotero ukamuseka sakumva nthabwala, akumva njala.

Palinso ena amene ndimalephera kukangana nawo, osati chifukwa chodana nawo ayi, koma sindidziwa powapeza. Amangotsatira LeBron: anali a Cleveland, anapita ku Miami, anabwerera ku Cleveland, mu 2018 anatipeza ku Lakers. Luka Dončić atabwera kuchokera ku Dallas mu February 2025 tinalandiranso alendo ena. Takulandirani, khalani. Koma dziwani kuti ena a ife tinalipo kuyambira 2014 mpaka 2019, pamene timu sinkalowa n'komwe mu playoffs, ndime ya matimu olimbirana chikho, tikudzukabe 4 koloko kukaonera tikukwapulidwa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amene sanagonepo ndi njala pamodzi ndi timu yake, chikho chikabwera sangamve kukoma kumene ife timamva.

Ndipo mwambi womwewo umandiloza inenso ndi anzanga pa nkhani ya mpira wathu wa kuno. Amene munaonerapo Chanco ikukumana ndi Poly mukudziwa kuti moto umenewu tili nawo, phokoso lake, nyimbo zake, kothi itazunguliridwa mpaka osewera kusowa poponyera mpira kuchokera kunja. Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikutuluka kukasewera ndi matimu a mayiko ena. South Sudan, dziko limene linapeza ufulu mu 2011, inafika ku Olympics mu 2024 ndipo pokonzekera inagonja kwa America ndi pointi imodzi yokha ku London. Ana amene akuponya mpira madzulo m'masukulu a muno mu Zomba akufunika anthu oti aziwakuwira ndi kuwakanganira. Ine ndayamba kupita Loweruka kukakhala gemu, ndipo achimwene ndimawakoka. Tikafika amasankha dala timu imene ine sindikuchemerera.

Za 2024 ndisabise. Mu October 2020 tinawina chikho cha 17 ku Orlando n'kufanana ndi Boston, ngakhale achimwene amati zisanu zoyambirira si zathu chifukwa timu inali idakali ku Minneapolis. Kenako Jayson Tatum ndi Jaylen Brown anagonjetsa Dallas 4-1, Boston n'kufika pa 18. Tsiku lake linali 17 June, lomwe kwathu kuno kunali kutacha pa 18. Gemu ya 131 kwa 92 ija inalinso pa 17 June. Ya 83 kwa 79 ija, 17 June. Ndi achimwene amene anazindikira zimenezi, ndipo anandiimbira foni isanakwane 6 koloko mmawa kuti andiuze kuti pa masiku atatuwo, awiri ndi awo. Ndinayankha foniyo itangolira kamodzi, chifukwa ndinkadziwa kuti aimba, ndipo akanapanda kuimba ndikanada nkhawa kuti mwina akudwala.

Achimwene, ndikudziwa kuti muwerenga izi. 18 yanuyo ndaivomera. Za Perkins sindidzavomera. Lakers ndi Celtics akamadzakumananso mudzabwere kwathu, makala ndigula ine, inu mudzatenge shuga.