Msonkho utsike koma chipatala tizilipira? Taonani kaye kwa aneba athu

Pali aphungu ena, ku America ambiri mwa iwo ali mu chipani cha Republican, amene nyimbo yawo siisintha: boma lichepetse msonkho, lisamalowerere pa bizinesi za anthu, mabungwe a ogwira ntchito asamakule mphamvu, ndipo za chipatala aliyense azionere yekha ndi inshulansi yake. Maganizo amenewa amamvekanso kuno, anthu amakangana nawo m'magulupu a WhatsApp mpaka usiku. Ine ndimati tisanathamangire ku America, ife a ku Mangochi tili ndi mwayi, Mozambique ili pakhomo pompa, ukadutsa Namwera wafika pa Chiponde, kuwoloka basi uli ku Mandimba. Zambia ndi Tanzania nawonso anayesa zina mwa izi kalekale.

Pa msonkho sindichedwapo chifukwa apa ndimagwirizana nawo ndithu. VAT yathu inakhala zaka zambiri pa 16.5 peresenti, ya ku Zambia ndi 16, ya ku Tanzania 18, pomwe a Nyusi ku Mozambique anatsitsa yawo kuchoka pa 17 kufika pa 16 mu 2023. Kusiyana kwake nkochepa eti, koma amene amamva kuwawa ndi mayi ogulitsa usipa pa Makawa amene sadziwa nkomwe kuti PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a pamwezi, nchiyani koma pa thumba la simenti ndi pa mayunitsi a foni akudulidwa tsiku ndi tsiku. Komanso tinene zoona, chimene chatisaukitsa kwambiri si MRA ayi, ndi kugwa kwa kwacha, 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, ndipo palibe phungu anavotera zimenezo mu Nyumba ya Malamulo.

Za ntchito ndiye zoseketsa, chifukwa zimene aphungu aja amalakalaka kuno tinachita kale. Mu 2021 lamulo linasinthidwa kuti bwana akhoza kukudula malipiro mukanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka, a MCTU, mgwirizano wa mabungwe a ogwira ntchito, analira koma zinadutsa. Mayi akabereka kuno tchuthi chake ndi masabata 8, ku Zambia lamulo la 2019 limapereka masabata 14, ku Mozambique lamulo latsopano la 2023 linakweza kufika masiku 90, ku Tanzania ndi masiku 84. Ndiye ngati kufinya wantchito kukanakhala kuti kumaitana makampani, bwenzi mafakitale atadzaza kuchokera pa Liwonde mpaka ku Monkey Bay, koma anyamata athu akupitabe ku Joni, dziko limene mabungwe a antchito ngati COSATU ali ndi mano kuposa kwina kulikonse kuno kummwera. Wabizinesi amafunsa za magetsi, mafuta ndi madola, za tchuthi cha mayi woyembekezera zimabwera kumapeto. Ndipo alovi a pa nyanja, akabaza, atsikana a m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanjamu, ambiri alibe ndi kalata ya ntchito yomwe, lamulo likhale lofewa kaya lolimba iwo siliwapeza.

Pa chipatala mpamene pali nkhani, ndipo ife a kuno tiyenera kuikumbukira kuposa wina aliyense. Mu 1964, dziko litangolandira ufulu, Kamuzu anaika kuti wodwala azilipira tiki, ndiye kuti mapeni atatu, pa chipatala cha boma, ndipo iyi inali imodzi mwa nkhani zimene nduna zake zinakangana naye mpaka kabineti kugawanika. Masauko Chipembere, mwana wa kuno, anatula pansi udindo, mu February 1965 ananyamuka ndi anthu ake kuchokera mbali ya Malindi, analanda boma la Fort Johnston (Mangochi ya lero) usiku koma anakakanika pa Liwonde chifukwa cha pantoni. Panali zifukwa zina zambiri inde, koma tiki inalipo. Mwina nchifukwa chake mpaka lero wandale aliyense akafika pa nkhani yolipiritsa amayankhula motsitsa mawu.

Aneba anapita njira zina. Tanzania inayamba kulipiritsa mu 1993, kenako anakhazikitsa NHIF, inshulansi ya zaumoyo ya ogwira ntchito m'boma, ndipo mu 2023 a Samia Suluhu Hassan anasainira lamulo loti aliyense akhale pa inshulansi. Zambia inalipiritsa m'zaka za m'ma 1990, inaona kuti anthu akumudzi asiya kubwera, mu 2006 a Mwanawasa anachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi, ndiye mu 2018 anapanga lamulo la inshulansi ya zaumoyo ya NHIMA loti wantchito azidulidwa 1 peresenti bwana nayenso 1 peresenti. Ku Mozambique amalipiritsa kandalama kochepa kwambiri, metikali imodzi kuonana ndi dokotala, mametikali asanu mankhwala, komabe anthu a tsidya lija amawoloka kudzagona m'zipatala zathu za m'malire, ena chifukwa cha mtunda ena chifukwa ndi abale athu omwe, Chiyao chake chomwechi.

Ife timanyadira kuti zathu nzaulere. Zaulere zake ziti? Adokotala amakuona bwinobwino, amalemba mu kabuku, pa windo akuti mankhwalawa atha kagule ku famase, ndiye walipira kale kabaza kuchokera ku Katuli kaya boti kuchokera ku Makanjira, ukagulenso mankhwala pa mtengo wa mtauni. Kuli ngati kukuitanira nsima yaulere koma ndiwo ubwere nazo wekha. Ndipo malo ambiri chipatala chapafupi ndi cha mishoni, ngati St Martin's ku Malindi, kumene umalipira ndithu pokhapokha pa zithandizo zimene boma linagwirizana ndi CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, makamaka za amayi oyembekezera ndi ana. Mbali yaikulu ya ndalama za umoyo imachokeranso kwa mabungwe akunja, tinazionera tokha mu January 2025 a Trump ataimitsa thandizo la USAID mmene mitima inakwerera pa nkhani ya ma ARV.

Apa mpamene ndimasiyana ndi aphungu aja, komanso ndi anzanga amene amafuna zonse ziwiri, msonkho utsike mankhwala adzaze. Ndalama ya mankhwala iyenera kuchokera penapake basi. Mwa njira zitatu za aneba zija ine ndingatenge ya ku Zambia, amene ali pa malipiro a pamwezi azidulidwa kachepe kopita ku thumba la zaumoyo lokhalo, osati ku Account Number One, thumba lalikulu la boma, kumene ndalama ikalowa siidziwika njira, ndipo mlovi ndi mlimi apitirize kuonedwa osalipira. Vuto ndi loti a pamwezi kuno ndi ochepa, aphunzitsi, anamwino, apolisi, asilikali ndi a m'makampani owerengeka, ndipo akudulidwa kale PAYE, a m'makampani kuonjezera 5 peresenti ya penshoni. Thumba limenelo palokha silingadzaze famase ya pa boma, ngakhale ku Zambia komweko zipatala zimadandaula kuti NHIMA imachedwa kulipira.