Ukaipa dziwa nyimbo: a Mitch McConnell ndi thumba lawo la ndalama

Abale anga, mundipirire, lero ndalemba zazitali. Ndikufuna ndinene za mdala wina wa kuno ku America, a Mitch McConnell, seneta wa chigawo cha Kentucky, komwe ndakhala ndikugwira ntchito yosamalira okalamba kwa zaka zingapo tsopano. Pa 20 Febuluwale 2025, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 83, analengeza kuti sadzaimanso pa chisankho cha 2026. Mu Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dziko lino, analowamo mu Januwale 1985. Werengerani nokha. Ena mwa inu munali kumsana, ena makolo anu anali asanadziwane n'komwe.

Mukawaona pa TV simungaganize kuti ndi munthu woopsa. Salankhula mokoka anthu, amangong'ung'udza ngati mkulu wa mpingo amene akuwerenga zolengeza anthu ali ndi njala. Kuno amawaseka kuti nkhope yawo ndi ya kamba. Mu Louisville muno, kwawo kwenikweni, ine sindinakumanepo ndi munthu woti akamatchula dzina lawo maso n'kuwala. Koma apambana zisankho za useneta kasanu ndi kawiri mosadukiza, ndipo anatsogolera maseneta a chipani cha Republican zaka 18, kuyambira 2007 mpaka Januwale 2025. Palibe mtsogoleri wa chipani mu Senate amene anakhalitsapo chotere. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo ya mdalayu inali ndalama za kampeni: kuzipeza, kuzigawa, ndi kumenyera kuti lamulo lisazitchinge.

Mpando anaulanda ndi agalu. Mu 1984 ankapikisana ndi a Walter Huddleston a chipani cha Democrat, omwe anali atakhala kale pampandopo ndipo aliyense ankati apambananso. Kenako pa TV panatuluka kanema wa kampeni: bambo wina akukokedwa ndi agalu alenje, akununkhiza uku ndi uko kufunafuna seneta Huddleston, amene ankanenedwa kuti amajomba kunyumba ya malamulo n'kumakalankhula m'misonkhano yomwe amalipidwa. Anakonza kanemayo ndi Roger Ailes, yemwe pambuyo pake anakakhala mkulu wa Fox News. Anthu anaseka, dzina la McConnell linadziwika, ndipo anapambana ndi mavoti pafupifupi 5,000 okha pa mavoti oposa miliyoni. Phunziro lomwe anatolapo n'loonekeratu. Nthawi ya pa TV imagulidwa, ndipo munthu wosadziwa kusangalatsa khamu akhoza kugula mphindi imodzi yoti anthu amuseke mdani wake.

Chondiseketsa n'chakuti ali mnyamata sankaganiza choncho, kapena tinene kuti sankalankhula choncho. Mu 1973, nkhani ya Watergate, ya chinyengo cha ndale cha anthu a pulezidenti Nixon, ili m'kamwam'kamwa, analemba mu nyuzi ya kuno ya Courier-Journal kudandaula za kuipa kwa ndalama m'ndale, n'kupempha malamulo okhwima. Zaka zitapita, munthu yemweyo ndiye anasanduka mlonda wamkulu wa pachipata cha ndalamazo. Mu 1994 anatsogolera kutchinga bilu yofuna kuika malire. Mu 2002, pamene a John McCain a chipani chawo chomwe anagwirizana ndi a Russ Feingold a Democrat n'kudutsitsa lamulo loletsa zipani kulandira ndalama zopanda malire, a McConnell anathamangira kukhoti. Mlanduwo uli ndi dzina lawo, McConnell v. FEC (FEC ndi bungwe loyang'anira ndalama za chisankho), ndipo mu 2003 khoti lalikulu la dziko lino linawagonjetsa, majaji asanu kwa anayi.

Apa ndi pamene pali nzeru za kamba. Sanakuwe, sanaitanitse zionetsero. Mmodzi mwa majaji asanu aja, mayi Sandra Day O'Connor, anapuma ntchito mu 2006 ndipo m'malo mwawo munalowa a Samuel Alito. Pofika Januwale 2010, pa mlandu wa Citizens United, khoti lomwelo linatembenuka, asanu kwa anayi, n'kunena kuti makampani ndi mabungwe a anthu apantchito akhoza kuwononga ndalama mmene angafunire pokopa ovota, bola asapereke mwachindunji kwa woimayo. Malamulo oyendetsera dziko sanasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Chomwe chinatembenuza zinthu ndi kusintha kwa munthu mmodzi uja pampando. Ndiye mukamamva kuti mu 2016 a McConnell anakana ngakhale kumumvetsera Merrick Garland, yemwe a Obama anamusankha kukhala jaji wa khoti lalikululo, ati chifukwa chinali chaka cha chisankho, kenako mu 2020 n'kudutsitsa mayi Amy Coney Barrett kukhala jaji wa khoti lomwelo kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti anthu avote, musadabwe. Anaphunzira kalekale kuti majaji ndiwo amasunga makiyi.

Tsopano ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga, chifukwa ndi zomwe zinandisintha maganizo. Mu Okutobala 2020 ndinkasamalira agogo ena aamuna, munthu amene anagwira ntchito m'fakitale moyo wake wonse. Madzulo ndikawapatsa mankhwala tinkakhala pa TV kudikira nkhani. Pakati pa nkhani ndi zanyengo, mauthenga a kampeni ankangotsatizana ngati nyerere. Uyu mayi Amy McGrath, wa Democrat, amene ankaulutsa ndege zankhondo, akuti mdalayu wakhalitsa. Uwo usanathe bwino, wina wabwera wonena kuti mayiyo ndi woopsa. Kunyumba kwanga bokosi la makalata linkadzaza ndi mapepala onyezimira, chonsecho ine sindivota kuno. Ndinkayalira pansi posenda mbatata. Tsiku lina ndinawafunsa agogowo kuti, kodi agogo, zonsezi zikukusinthani maganizo? Anaseka mpaka kutsokomola. Anati McConnell samukonda, sanamukondepo, koma amuvotera, chifukwa chigawo chosauka ngati Kentucky chikataya munthu wokhala pampando wapamwamba chotero, ndani adzachikumbukire ku Washington?

Mayi McGrath anasonkhanitsa madola oposa 90 miliyoni, kuposa a McConnell eniakewo. Zambiri zinachokera kwa anthu a m'zigawo zina amene ankangofuna kuona mdalayu akugwa. Mayiwo analuza ndi pafupifupi 20 peresenti.

Ndiye wina angati, basi, ndalama zilibe ntchito. Ayi. Ine ndikuti tinkayang'ana malo olakwika. Ndalama za a McConnell sizinali zogulira agogo anga aja. Zinali zogwirira maseneta anzawo.

Mu 2015 kunakhazikitsidwa thumba lotchedwa Senate Leadership Fund, mtundu wa mabungwe omwe kuno amati super PAC, ndipo woliyendetsa anali Steven Law, amene kale anali mkulu wa ofesi ya a McConnell. Munthu wamba akafuna kuthandiza woima pa chisankho, lamulo limamuikira malire a madola zikwi zitatu ndi mazana angapo pa chisankho chimodzi. Koma ku thumba ngati ili, mpondamatiki mmodzi akhoza kuponyamo mamiliyoni, monga ankachitira malemu Sheldon Adelson, amene anali mwini nyumba za juga ku Las Vegas. Pa chisankho cha 2020 chokha thumbali linasonkhanitsa madola mamiliyoni mazana angapo. Pa pepala, lamulo limati thumba lotere lisamagwirizane zochita ndi woimayo. Aliyense kuno amadziwa kuti linali thumba la ndani.

Taganizani kuti ndinu seneta, mpando wanu ukugwedezeka, mdani wanu wadzaza TV yonse. Pali munthu mmodzi amene anzake angakutsanulireni madola 20 kapena 30 miliyoni, kapena kukusiyani padzuwa. Mu 2022 thumbali linachotsa ndalama zake ku Arizona, komwe kunkaima Blake Masters wa chipani chawo chomwe, ndipo analuza. Linathira zambiri ku Ohio kwa JD Vance, ndipo anapambana. Linathandiza mayi Lisa Murkowski ku Alaska polimbana ndi munthu yemwe a Trump ankamufuna. Chisankho chitatha, a Rick Scott anayesa kulanda utsogoleri wa maseneta a chipanicho. Anapeza mavoti 10, a McConnell 37. Mwana sanyoza dzanja lomwe lili ndi chipande.

Ndisawanamizire a McConnell, mfundo yawo si yopusa. Amati kulankhula kwa anthu mamiliyoni kumafuna ndalama, ndiye ukaletsa ndalama waletsa pakamwa. Amatinso malamulo a malire amalembedwa ndi anthu omwe ali kale pampando, ndipo amapweteka watsopano amene akufuna kudziwika. Pamenepo ndimavomereza pang'ono. Iwo eni akanapanda kugula nthawi ya agalu aja, bwenzi palibe akuwadziwa. Komanso a Democrat asadziyeretse, ali ndi thumba lawo lofanana ndi lomweli, Senate Majority PAC, ndipo nawonso amadya za anthu obisala. Nkhuku zonse zikutola pa mtondo umodzi.

Pomwe ndimasiyana nawo ndi pa nkhani yobisa mayina. Kwa zaka zambiri ankanena kuti malire achotsedwe koma aliyense wopereka adziwike, anthu aweruze okha. Mfundo yomveka. Malire atagwa mu 2010, kunabwera bilu yotchedwa DISCLOSE Act yofuna kuti opereka aululidwe. A McConnell ndi anzawo anaitchinga. Inapeza mavoti 59 mwa maseneta 100, koma malamulo a Senate amafuna 60 kuti nkhani ipitirire, ndiye inafera pomwepo. Nyimbo inasintha, anayamba kunena kuti kuulula mayina kumaika opereka pa chiopsezo chozunzidwa. Ndipo pambali pa thumba lija pali bungwe lina la pachibale, One Nation, lomwe silikakamizidwa kunena komwe latenga ndalama zake, koma limatha kuthira mamiliyoni m'thumba lalikulu lija. Mukafufuza m'mabuku a bungwe loyang'anira ndalama za chisankho la FEC, mupeza dzina ndi ntchito ya mphunzitsi amene anapereka madola 250, koma amene anadutsira khomo lakuseri ndi mamiliyoni simumupeza. Kodi ufulu wolankhula ndi womwewo, woti munthu azikuwa m'makutu mwanga usiku ndi usana atavala chinyau?

Ndikukumbukanso za mu Epulo 2021. Chigawo cha Georgia chitakhwimitsa malamulo ovotera, makampani ngati Coca-Cola ndi Delta anadzudzula poyera. A McConnell anakwiya, anawauza kuti atalikirane ndi ndale. Atafunsidwa bwinobwino anafotokoza kuti sakunena za zopereka za kampeni. Ndinaseka ndekha m'galimoto. Munthu amene wathera moyo wake kunena kuti ndalama ndi mawu, tsiku lomwe makampani analankhula ndi pakamwa penipeni anati khalani chete, koma cheke chokha chizibwera.

Ena mwa inu mukuti, nanga ife zikutikhudza chiyani. Sindikufuna kuyerekeza zinthu zosafanana, kwathu vuto limaoneka ndi maso: zitenje, ma T-shirt, kandalama kopinda pamsonkhano. Koma lamulo lathu la zipani la 2018 lili ndi mbali ziwiri zokhudza nkhaniyi, ina yoletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, ina yoti zipani ziziulula opereka ndalama zikuluzikulu. Timakangana kwambiri za mbali yoyambayo chifukwa ndi yomwe timaiona pabwalo la sukulu. Ine kukhala kuno kwandiphunzitsa kuopa yachiwiriyo. Mayi wolandira chitenje amavina n'kukavotera yemwe akumufuna, ngati agogo anga aja. Amene anagula mabelo a zitenjezo ndiye amadzabwera kuofesi chisankho chikatha, ndipo sagogoda.

Tibwerere kwa mdala wathu. Zomwe ankafuna anazipeza: msonkho wa makampani unatsitsidwa mu 2017 kuchoka pa 35 kufika pa 21 peresenti, majaji oposa 200 anadutsa m'zaka zinayi za ulamuliro woyamba wa a Trump, atatu mwa iwo a khoti lalikulu, ndipo mu 2022 khotilo linagwetsa chigamulo cha Roe v. Wade chokhudza kuchotsa mimba. Kaya mukugwirizana nazo kaya ayi, kwa anthu a ndale zosunga miyambo yakale imeneyi ndi ntchito ya moyo wonse.

Koma chipani chomwe anachimangira nkhokwe chinawapulumuka. A Trump sanafunikire thumba la a McConnell, anali ndi khamu lawo lotumiza madola 20, madola 50 pa foni, komanso mpondamatiki wawo Elon Musk, amene mu 2024 anathira madola oposa 250 miliyoni kudzera pa chipata chomwe chija a McConnell anathandiza kutsegula. Pambuyo pa chipolowe cha pa 6 Januwale 2021, pamene otsatira a Trump anathyola nyumba ya malamulo, Senate inazenga a Trump mlandu ndipo a McConnell anali ndi mwayi womaliza nkhani yawo. Anavota kuti asapezeke olakwa, kenako anaimirira n'kunena kuti a Trump ndiwo anachititsa zonsezo. Mu 2024 anawavomereza ngati woimira chipani, munthu yemwe anali atanyoza mayi a kunyumba kwa a McConnell, a Elaine Chao, poyera.

A McConnell anadwala poliyo ali ndi zaka ziwiri, ndipo mayi awo ankawatengera ku Warm Springs, ku Georgia, kuti mwendo wakumanzere uphunzire kuyenda. Mpaka lero masitepe amawavuta. Mu Febuluwale 2025 Senate inkavotera a Robert F. Kennedy Jr., munthu wodziwika ndi kukayikira katemera, kuti akhale nduna ya zaumoyo. Mdala anakana. Ndinaonera pa foni nthawi yopuma, mayina akuitanidwa limodzilimodzi, ambiri mwa iwo anthu omwe thumba lija linawanyamula pamene ankamira. Pa maseneta 53 a Republican, wokana anali yekha, ndipo a Kennedy anadutsa ndi mavoti 52 kwa 48.