Liwiro palokha silikwanira, yang'anani mpope

Zikomo alembi, koma pamene mwanena kuti .22-250 Remington ndiyo mfuti yabwino koposa kuwombera ma prairie dog (tinyama ta ku America tonga agologolo, tokhala m'mauna) patali chifukwa cha liwiro lake, ine sindikugwirizana nanu kwenikweni. Liwirolo lilipodi: chipolopolo cha magreni 40 (greni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) chimatuluka pa mafiti pafupifupi 4,000 pa sekondi. Vuto ndi mphepo. Kuzigwa za ku South Dakota, ku America, mphepo siipuma, ndipo kachipolopolo kopepuka kakadutsa mayadi 300 kamayamba kutengeka. Ndinadzionera ndekha fumbi likubuka pambali pa una, kanyamako kali chiimire osatekeseka.

Chimene simunatchule ndi mizere ya m'kati mwa mpope wa mfuti, imene imazunguliritsa chipolopolo kuti chiyende mokhazikika. Ma .22-250 ambiri mizere yake imazungulira kamodzi pa mainchi 12 kapena 14, motero chipolopolo chachitali cha magreni 75, chimene sichitengeka msanga ndi mphepo, sichikhazikika, chimafika chopingasa. Pomwe mfuti ya .223 Remington ya 1:8 (mizere yozungulira kamodzi pa mainchi 8) imachiyendetsa bwinobwino, ndipo mpope wake sutentha msanga ngakhale kutha mofulumira.

Wofuna kugula ayambe wasankha chipolopolo, kenako afunse za mizereyo. Pa ma coyote (nyama zonga nkhandwe) ine ndimatenga mfuti ya .243 Winchester, kuti nyama ife pomwepo isavutike.