Thukuta silichotsa matenda, chonde tisamathamange padzuwa tikudwala

Abale nkhani iyi yandikhala pamtima sabata yonse. Mnzanga amene ndimathamanga naye anadzuka ndi chimfine thupi likutentha pang'ono, m'malo mopuma anavala jekete yokhuthala n'kunyamuka dzuwa lili paliwombo, akuti akatuluka thukuta lambiri matendawo atulukira momwemo. Sitinapite patali ndinangoona munthu akuyenda dzandidzandi, ndikumufunsa akuyankha zina, maso ali tong'o, kenako kusanza. Tinamukokera pamthunzi, kumuvula jekete ija, kumuthira madzi ozizira thupi lonse mpaka kufika naye kuchipatala. Panopa ali bwino koma ine mantha sanandithere.

Ambirife tikamva za chitetezo cha m'thupi timangoganiza kuti chikatsika ndiye vuto basi. Koma padzuwa choopsa kwambiri n'chakuti chitetezocho chimatha kulusa mopyola muyezo. Thupi limafuna kukhala pa madigiri 37, ndiye ukamathamanga kukutentha magazi ambiri amathamangira kuminofu ndi kukhungu kuti akazizire, matumbo n'kutsala ndi ochepa. Tsono khoma la m'kati mwa matumbo ndi lopyapyala zedi, mzere umodzi wokha wa maselo, ndipo kuseri kwake kuli mabakiteriya miyandamiyanda. Khomalo likasowa magazi komanso likatenthedwa limayamba kudontha, poizoni wa mabakiteriya amene madokotala amati endotoxin amalowa m'magazi, asilikali a m'thupi, amene ndi maselo oyera a magazi, poona zimenezo amayambitsa nkhondo paliponse nthawi imodzi, ndipo nkhondo imeneyo imavulazanso chiwindi, impso ngakhale ubongo wa mwini wake. Thupi likadutsa madigiri 40 munthu n'kuyamba kusokonekera mutu, imeneyo ndiye heat stroke, ndipo imapha. Ndiye taganizani munthu amene thupi latentha kale ndi matenda, asilikali ali kale pankhondo, n'kuwonjezera jekete ndi dzuwa.

Nanga zoti ukalimbitsa thupi kwambiri umadwaladwala? Apa akatswiri amatsutsana. Katswiri wina wa ku America, David Nieman, anafufuza anthu a mpikisano wa marathon (wothamanga makilomita 42) wa ku Los Angeles mu 1987 n'kupeza kuti pafupifupi 13 pa 100 alionse amene anathamanga anadwala sabata yotsatira, pomwe mwa amene anakonzekera koma osathamanga anali 2 okha pa 100. Zoonadi ukamaliza kuthamanga kwambiri maselo ena oyera a magazi amachepa kwa maola angapo. Koma mu 2018 John Campbell ndi James Turner a ku University of Bath anati maselowo sakufa ayi, amangochoka m'magazi kupita kukalondera kumapapo ndi kumatumbo. Ine ndili mbali ya awa, masewera pawokha si mdani. Chimene ndikukana ndi kuphatikiza kutentha, kusowa madzi ndi kusagona, chifukwa pamenepo cortisol, mahomoni amene thupi limatulutsa likapanikizika ndipo amafooketsa chitetezo, amakwera kwambiri, ndiponso kukhosi kukauma malovu amachepa, chonsecho m'malovumo muli zoteteza zimene zimagwira tizilombo tisanalowe.

Ngakhale akatswiri enieni othamanga kutentha amakuopa. Ku Doha, m'dziko la Qatar, mu 2019 marathon ya amayi anaiyamba pakati pa usiku pothawa dzuwa komabe mwa othamanga 68, okwana 28 sanamalize. Ya Olimpiki ya Tokyo anachita kuisamutsira ku Sapporo, mzinda wozizirirapo wa kumpoto kwa Japan. Awa ndi anthu oti ntchito yawo n'kuthamanga, ali ndi madokotala pambali, ndiye ife tikudzidalira chani?

Sindikunena kuti kukatentha tizingokhala. Thupi limazolowera, koma limafuna masiku 10 mpaka 14 ukuwonjezera pang'onopang'ono, limayamba kutulutsa thukuta msanga, madzi a m'magazi amachuluka, ngakhale matumbo aja amapirira bwino. Kungoti tizisankha m'mawa kapena madzulo, zovala zopepuka, madzi pafupi, pajatu munthu amatha kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi. Zovala majekete ndi kumanga mapulasitiki pamimba pofuna kuonda zija zimangochotsa madzi osati mafuta. Ndipo amene mumamwa ibuprofen musananyamuke kuti musamve kuphwanya, dziwani kuti imawonjezera kudontha kwa matumbo kuja komanso imapanikiza impso.

Mnzanga uja ndamuuza kuti sitithamanganso limodzi mpaka kutentha thupi kutheretu, ndipo tikadzayamba tidzayamba ndi mphindi 20 zokha, mamawa, jekete atasiya kunyumba.