Foni yanu inandibera Aurora

Ndayesetsa kukhala chete kuyambira Loweruka koma mtima wakana. Mayi inu amene munakhala kutsogolo kwathu, mipando yakumwamba kwenikweni ija, mutavala jekete yofiira, foni yanu inandibera chinthu chimene ndinachigula ndi mashifiti atatu ausiku.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9 ndipo Loweruka lililonse m'mawa amapita kokaphunzira ballet, gule wachizungu wofotokoza nthano ndi thupi, kuno ku England. Atamva kuti gule wa ballet wotchedwa The Sleeping Beauty akubwera mumzinda wathu anandivutitsa mwezi wathunthu mpaka ndinagonja. Masiku ankawadula ndi cholembera pa kalendala ya kukhitchini. Tsikulo litafika anadzuka ine ndisanadzuke, tsitsi atalimanga kale kambulunga pamwamba ngati ovinawo. M'basi monse ankandiphunzitsa nkhani: mwana wamfumu Aurora, mfiti Carabosse amene anaiwalidwa pa mndandanda wa oitanidwa kuphwando ndiye anatemberera khandalo, chala chobayidwa ndi kamtengo kopotera ulusi, tulo ta zaka 100. Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, akayamba gule wa maluwa uja musaphethire."

Gule wa maluwayo amamutcha Rose Adagio, ndipo ndi amene anthu amalipirira. Aurora amaima pa nsonga za zala za phazi limodzi, mwendo winawo uli m'mwamba chakumbuyo. Akalonga anayi ofuna kumukwatira amabwera mmodzimmodzi. Woyamba amamugwira dzanja, kenako mtsikanayo amalisiya dzanjalo, kukweza mkono wake pamwamba pa mutu, n'kuima yekha wopanda chogwira chilichonse kufikira wachiwiri atamupatsa lake. Kanayi konse. Chakumapeto amabwerezanso, ulendo uno aliyense akumuzungulitsa pang'onopang'ono pa phazi lomwelo, limene nthawi imeneyo latopa kale. Holo yonse inali zii. Ngakhale bambo amene ankatsokomola chiyambire uja chifuwa chake chinamumvera.

Pamenepo ndi pamene munakwezera foni.

Simunaikweze mobisa pachifuwa ngati munthu wodziwa kuti akulakwa, ayi. Munaiimika pamwamba pa mutu ndi manja awiri, kuwala kwake kuli mbee mumdima, zala zikukoka chithunzi kuti chiyandikire. Mwana wanga anasuzumira kumanzere, inu n'kupendekera kumanzere. Anasuzumira kumanja, inunso kumanja. Aurora amene tinabwerera tinamuona pa galasi la foni yanu ali kadontho koyera konjenjemera. Ndinakukodolani paphewa mwaulemu. Munandikwezera chala chimodzi osatembenuka n'komwe, kutanthauza kuti ndidikire. Ndidikire chiyani? Mtsikana uja adikirenso ali pa phazi limodzi kuti mumalize?

Asanayambe analengeza momveka bwino kuti mafoni azimitsidwe ndipo kujambula n'koletsedwa. Munamva. Tonse tinamva. Mnyamata wolondolera anthu mipando anafika ndi katochi kake gule atatha, anthu akuomba m'manja, inu muli pa ntchito yolemba mawu pansi pa vidiyo yanu. M'manja simunaombe chifukwa manja anali otanganidwa.

Chikundiwawa ine n'chakuti inuyo simunaonere. Munabwera, munalipira, munakhala pampando, koma simunaone kalikonse. Munatibisira ife chinthu chimene inunso simunachiyang'ane. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamphindi kamene dzanja lasiyidwa kaja n'kochepa kuposa kupuma kamodzi, ndipo kamafuna maso ako enieni, osati a foni. Vidiyo yojambulira kutali chomwecho, mumdima, mitu ya anthu ikudutsa, adzaionera ndani? Inu nomwe simudzaitsegulanso. Idzakhala mmenemo mpaka tsiku limene foni idzadandaule kuti yadzaza.

Mu ballet mulibe mawu. Palibe woyankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Carabosse akamatemberera amasonyeza ndi manja kuti mwanayu adzakula, adzakongola, adzabayidwa chala, kenako amapingasa mikono zibakera zitaloza pansi, ndiye kuti imfa. Lilac Fairy, womuteteza mwanayo, amayankha ndi manjanso kuti ayi, sadzafa, adzangogona, akutsamiritsa tsaya pa zikhato. Ukayang'ana kumbali nkhani yakudutsa. Kwathu agogo akati "Padangokhala," ife tinkayankha "Tili tonse," ndipo wosayankha ankadziwika kuti wagona kapena maganizo ali kwina. Muholo muja "tili tonse" wake ndi maso ndi kukhala chete basi. Inu simunali nafe.

Ndipo guleyu sanayambe dzulo kuti mpaka apulumutsidwe ndi foni yanu. Nthanoyo Charles Perrault anaisindikiza ku France mu 1697. Tchaikovsky anaipekera nyimbo, Marius Petipa anakonza mavinidwe, n'kuionetsa koyamba ku Mariinsky Theatre mumzinda wa St Petersburg mu Januwale 1890. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Royal Opera House ya ku London inatsegulidwanso mu 1946 ndi gule yemweyu, Margot Fonteyn akuvina ngati Aurora, anthu akadali pa chakudya chogawiridwa ndi makuponi. Zaka zoposa 130 wafika mpaka kwa ife chifukwa ovina amaphunzitsana thupi ndi thupi, wamkulu kuongola phewa la wamng'ono. Sanasowe wojambula wa jekete yofiira.

Kodi mukudziwa chimene chili mkati mwa nsapato zija? Aphunzitsi a mwana wanga anationetsa yawo yakale. Kunja ndi kansalu konyezimira kokongola, koma kunsonga kwake n'kolimba gwa, nsalu zosanjikizasanjikiza zomatidwa ndi guluu, ukagogoda patebulo imalira ngati thabwa. Mmenemo ndi mmene zala zimanyamulira thupi lonse. Matuza, zikhadabo zakuda, zina zothothoka. Wanga sanaloledwe n'komwe kuzivala, akuti mafupa sanakhwime, adikire zaka zina ziwiri kapena zitatu. Ndiye munthu wavutika kuyambira ali kamwana kuti adzaime mphindi imeneyo pamaso panu, inu n'kumuikira galasi pakati. Ndi mwano. Palibe dzina lina, ndi mwano.

Mwina ndi Facebook yatizoloweza kuti chimene sunajambule sichinachitike, kaya, zimenezo akambe ena. Ine ndikudziwa kuti munali ndi manja awiri ndi thumba loikamo foni.

Pa nthawi yopuma ndinafuna kukuyankhulani bwinobwino, mwana anandikoka chovala kuti, "Amayi, zisiyeni." Anachita manyazi m'malo mwa inu. Gawo lomaliza, la ukwati wa Aurora, anasekerera ndithu ataona amphaka awiri akukandana ndi mbalame yabuluu ikudumpha ngati ilibe mafupa. Koma tili pa siteji ya basi, mphepo ikuwomba, anandifunsa kuti, "Kodi anagwedezeka pa kalonga wachinayi?" Ndinalibe yankho. Sindinaone. Ndinaona chikhadabo chanu chopaka utoto chikukoka chithunzi.

Ndipo tisanamizire azungu okha, khalidwe limeneli lafika ndi kwathu komwe. Chaka chatha tinataya azakhali kumudzi, ine sindinathe kupita. Inde ndikuvomera, ife akunja ndi amene timapempha kuti titumizireni kavidiyo tione nawo mwambo. Koma chimene chinafika pa gulu la WhatsApp la banja chinali china. Mnyamata wina anaimika foni kumaso kwenikweni kwa amayi anga akulira m'siwa, mpaka kuyandikiza kuti misozi ioneke bwino. Pa nthawi yoona nkhope anthu ali pamzere, iye ali chiimire kumutu kwa bokosi ngati mtolankhani. Azimayi a chigwirizano akuimba, iye akuwauza asunthe pang'ono akutchinga kuwala. Anamutuma ndani? Akuluakulu onse anali pompo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamulanda foniyo.